Amayi, Musanasamukire M'nyumba ya Lendi Kumalo Abata

Amayi anzanga, tiyerekeze kuti ndi madzulo a tsiku Loŵeruka. Mwangophula nsima, ana akusamba m'manja, ndipo bambo a kunyumba aloŵa nkhope ili ŵaliŵali. Atakhala pansi akuti: "Amake mwana, ndapeza nyumba ku Lirangwe. Zipinda zitatu, bwalo lalikulu, ndipo lendi yake ndi theka la imene tikulipira kuno." Inu mtima uti myaa! Mudatopa kale ndi nyimbo za m'malo omwera moŵa zimene zimalira mpaka tambala woyamba, mzere wa pa chimbudzi cha mabanja asanu ndi limodzi, ndiponso madzi oipa odutsa pakhomo pamene mwana wanu amakwaŵirapo. Ndani amene sangafune kugona tulo tabwino ndi kulera ana ake pa bwalo loyera?

Kulakalaka malo abata sikolakwa. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 800,000 mu mzinda wa Blantyre, ndipo ochuluka mwa iwo amakhala mothithikana m'malo monga Ndirande, Mbayani, Bangwe ndi Chilobwe. Bungwe la Malawi Housing Corporation, limene lidakhazikitsidwa mu 1964, lidamanga nyumba ku Nkolokosa, Kanjedza, Chinyonga ndi kwina, koma nyumbazo sizidakwanirepo onse ozifuna. Ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 alionse mu Meyi 2022, kenaka ndi magawo 44 mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zinthu itakwera lendi nayo sidatsale. Ndiponso palibe amene adaiŵala Malichi wa 2023, pamene mvula ya namondwe Freddy idagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche nkukwirira nyumba ku Chilobwe. Motero sizodabwitsa kuti mabanja ena maso awo ali ku Chileka, ku Lunzu ndi ku Lirangwe, kumene nyumba zili motalikirana ndipo usiku kumamveka achule okha.

Komabe musanayambe kumanga ziŵiya m'chitenje, pali kanthu kamene tiyenera kukambirana. Bata la pakhomo la munthu wa lendi siligona pa kusoŵa kwa phokoso kokha. Limagonanso pa kudziŵa kuti mwezi wamaŵa lendi sikwera mwadzidzidzi, kuti ndalama ya chikole idzabwerera, ndi kuti palibe amene adzabwera m'mamaŵa kudzazula chitseko. Kuti mfundoyi imveke bwino, tiyeni tione kaye mmene anzathu a dziko lina lakutali adaikonzera nkhani ya lendi.

Mmene amachitira ku Holland

Dziko la Holland, limene dzina lake lenileni ndi Netherlands, ena a inu mudalimva chifukwa cha ana athu amene amapita kukaphunzira za ulimi ku Wageningen kapena za madzi ku Delft. Ndi dziko laling'ono: Malaŵi amalikulira pafupifupi katatu, koma anthu ake adakwana 18 miliyoni mu 2024. Malo ndi ochepa kwambiri kotero kuti ena adachita kuwalanda kwa madzi. Mzinda wa Almere, pafupi ndi Amsterdam, udamangidwa pa nthaka imene kale idali pansi pa nyanja, ndipo anthu oyamba adaloŵamo mu 1976.

Mabanja ambiri a ana aang'ono kumeneko amakonda kukhala kunja kwa mizinda ikuluikulu, monga mmene ifenso tikufunira Chileka ndi Lirangwe. Nyumba zake ndi za njerwa, zogundizana mu mzere, iliyonse ndi kadimba kake kumaso ndi kuseri. Tauni ya Houten, pafupi ndi Utrecht, adaimanga mwakuti magalimoto amayenda mu msewu wozungulira kunja, pamene m'kati muli tinjira ta njinga ndi ta oyenda pansi, kotero kuti mwana amapalasa yekha kupita kusukulu amake osada nkhaŵa. Ikakwana 10 koloko usiku, mwambo wawo ndi wakuti aliyense achepetse wailesi ndi mawu.

Koma chimene chimampatsa mtendere weniweni mayi wa lendi ku Holland ndi lamulo. Kuyambira pa lamulo la nyumba la 1901, dzikolo lidalola mabungwe osafuna phindu kumanga nyumba zobwereketsa kwa anthu opeza pang'ono, ndipo lero pafupifupi nyumba zitatu pa khumi zilizonse ndi za mabungwe otere. Lendi ya nyumba zambiri saitchula ndi pakamwa chabe. Nyumba imapatsidwa mapointi molingana ndi kukula kwa zipinda, ubwino wa khitchini ndi bafa, mmene imasungira kutentha m'nyengo yozizira, ndi zina, ndipo mapointiwo ndiwo amaika malire a lendi. Munthu akaona kuti akumlipiritsa mopyola, amakadandaula ku bungwe lotchedwa Huurcommissie, limene lili ndi mphamvu yotsitsa lendiyo. Kuyambira pa 1 Julayi 2023, pangano la lendi liyenera kukhala lolembedwa, chikole sichiyenera kuposa lendi ya miyezi iŵiri, ndipo mwini nyumba ayenera kuchibweza pasanathe masiku 14 munthu atatuluka, kapena masiku 30 ngati pali zoti adulepo. Pa 1 Julayi 2024 lamulo lina lidafutukula dongosolo la mapointi kuti lifikenso nyumba za mitengo yapakatikati. Ndipo mwini nyumba sangatulutse munthu mokakamiza popanda chigamulo cha bwalo la milandu.

Musaganize kuti kumeneko ndi kumwamba. Nyumba zimasoŵa zedi: m'zaka za 2023 ndi 2024 zimapereŵera ndi pafupifupi 400,000, ndipo ku Amsterdam munthu amatha kudikira zaka zoposa khumi kuti apatsidwe nyumba ya bungwe. Eni nyumba ambiri amafuna umboni wakuti malipiro a munthu amaposa lendi katatu kapena kanayi. Chodabwitsa china nchakuti nyumba zambiri amazibwereketsa zili mbee, zopanda ngakhale choyala pansi kapena nyali za kudenga, moti woloŵa amagula yekha zonsezo. Komabe akangoloŵa ndi pepala lake m'manja, mayiyo amagona tulo.

Kuno kwathu kulibe mapointi, ndipo mapangano ambiri a lendi m'makomboni ndi m'midzi amathera pa kugwirana chanza. Ndiye kuti ntchito imene mapepala ndi mabungwe amamgwirira mayi wa ku Holland, kuno muyenera kuigwira inu nomwe. Ntchitoyo ili panayi: kuŵerengera, kuyang'ana, kufunsa ndi kulemba.

Ŵerengerani mtengo wonse

Lirangwe ali pa msewu waukulu wa M1, kupitirira Lunzu polowera ku Zalewa, ndipo njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima, imene idatsegulidwa mu 1935, imadutsa pomwepo. Mayendedwe alipo, koma si aulere. Ngati bambo amagwira ntchito ku Ginnery Corner kapena ku Limbe, kapena inu mumapikula katundu wa geni mu msika wa mu tauni, khalani pansi aŵiriŵiri ndi pensulo.

Tiyerekeze, mwachitsanzo chabe, kuti lendi ya ku Ndirande ndi K100,000 pa mwezi ndipo ya ku Lirangwe ndi K50,000. Pamenepo mwapulumutsa K50,000. Koma ngati minibasi ili K2,500 ulendo umodzi, kupita ndi kubwera ndi K5,000 pa tsiku, ndipo pa masiku 22 a ntchito ndi K110,000. Banja limene limati lathaŵa lendi yokwera lapezeka likuwononga ndalama zoposa kale. Chotsanipo manambala angaŵa muikepo anu enieni, ndipo musaiŵale kabaza wochokera pamsewu kufika kunyumba, ndi masiku amene mafuta a galimoto amasoŵa mitengo ya minibasi nkukwera.

Ŵerengeraninso nthaŵi. Bambo wodzuka 4 koloko m'bandakucha nkumafika kunyumba ana atagona sachedwa kunena kuti: "Ndizigona kwa mnzanga m'tauni, ndizibwera Lachisanu." Amayi amene mwakhalitsa m'banja mukudziŵa kumene mawu ameneŵa amathera nthaŵi zina. Banja limene bambo amagwira ntchito ku bwalo la ndege la ku Chileka, kapena mayi ndi mphunzitsi wa sukulu ya m'deralo, lingapindule kwambiri posamuka. Banja limene chakudya chake chonse chimachokera m'tauni liganize kaŵiri, mwina Lunzu kapena Chileka ndiye pangakhale pakati pabwino.

Kumbali ina ya sikelo ikaniponso zabwino: kadimba ka mpiru ndi nkhwani kuseri kwa nyumba, nkhuku zingapo, ndiwo zogula kwa mlimi mwini wake, ndi ana oseŵera kutali ndi magalimoto. Zimenezinso ndi ndalama.

Kaioneni nokha nyumbayo

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Musalole kuti bambo okha akaone nyumba, pakuti amene adzatunge madzi, kuphika ndi kuchapa pakhomopo ndinu. Mwamuna amaona kukula kwa chipinda chochezera. Mkazi amaona kumene utsi udzatulukire.

Yambani ndi madzi. Madzi ambiri a m'mipopi ya Blantyre amachokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, ndipo amachita kuwapopa ndi magetsi kukwera mtunda kudzera ku Chileka. Magetsi akazima nthaŵi yaitali, mipopi nayo imauma. Choncho ngakhale nyumba ili ndi mpopi, funsani kumene anthu amatunga ukauma. Ngati ndi pa mjigo, pitani mukauone, muyese mtunda wake ndi mapazi anu, mulaŵe madziwo, ndipo mufunse ngati umatulutsabe madzi mu Okotobala ndi Novembala. Dera la Lirangwe ndi lotentha ndi louma, dziko la milambe, ndipo mjigo wodzaza mu Epulo ungakhale wa mzere wautali dzuŵa likafika pa mutu.

Kenaka pitani kuchimbudzi. Onani ngati dzenje latsala pang'ono kudzaza, ngati pansi pake ndi polimba, ndi ngati chili patali ndi chitsime. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Blantyre adali mwa maboma amene adavutika kwambiri. Chimbudzi chabwino chiposa khonde lokongola.

M'nyumbamo, tsekani zitseko ndi mazenera masana nkuyang'ana kudenga: paliponse pamene pakuoneka kuŵala padzadontha mvula. Gogodani mitengo ya denga ndi mafelemu kuti mumve ngati chiswe chidaloŵamo. Yang'anani m'munsi mwa zipupa. Mzere wakuda kapena pulasitala wofufuma ndi chizindikiro chakuti madzi amafika pamenepo. Funsani ngati nyumbayo ndi ya njerwa zootcha kapena ya zidina, ndiponso ngati adamangira simenti kapena dothi. Tulukani panja muone kumene madzi a mvula amathamangira, ndipo nyumba ya m'khwaŵa kapena m'mphepete mwa mtsinje ikanike ngakhale lendi yake ikhale yotsika motani.

Ngati muli magetsi, dziŵani ngati mita ya ESCOM ndi ya nyumba yanu yokha kapena ndi yogaŵana. Mita imodzi ya mabanja atatu ndiye gwero la ndewu zambiri, pakuti mayunitsi akatha aliyense amaloza mnzake amene ali ndi simbi kapena mbaula ya magetsi. Pomaliza, bwererani pamalopo madzulo a tsiku la msika kapena Loŵeruka usiku. Nyumba imene ili zii Lachiŵiri m'maŵa ingakhale yoyandikana ndi chigayo, nyumba yoonetsera kanema kapena pophikira kachasu.

Funsani mwini wake weniweni

Safunsa adadya phula. Funso lalikulu koposa ndi ili: kodi nyumbayi ndi ya yani? M'midzi yambiri ya kuno kumwera malo amayenda mwa mbumba ya akazi, ndipo mwamuna amakhala mkamwini. Zimachitika kuti bambo amene akukuonetsani nyumba adaimanga ndi ndalama zake, koma pa malo a kuchikazi.

Ndikudziŵa mayi wina amene adapereka lendi ya miyezi isanu ndi umodzi kwa bambo wotere, ndalama imene amuna ake adatumiza kuchokera ku Joni. Padalibe pepala, padalibe mboni. Patangopita miyezi iŵiri ukwati wa eni nyumbawo udatha, bamboyo adabwerera kwao, ndipo alongo ake a mkaziyo adabwera kudzanena kuti iwo sadalandire kanthu, motero alipire kachiŵiri kapena atuluke. Mayiyo adatuluka mu Januwale, mvula ili pakati, ndi ana atatu, ndipo ndalama ya miyezi inayi idapita. Akadapita kaye kwa amfumu ndi kwa mkazi wa bamboyo, bwenzi zonsezi atazipeŵa.

Choncho kaonekereni kwa nyakwaŵa kapena mfumu ya mudziwo musanapereke ndalama. Ndi ulemu, komanso ndi chitetezo: amfumu amadziŵa mwini malo alionse ndi mikangano imene ilipo. Chenjeraninso ndi anyamata odzitcha maejenti, amene amafuna ndalama kuti angokuonetsani nyumba, ndipo ena amalandira chikole cha nyumba imodzi kwa anthu aŵiri. Ndalama ya lendi iperekedwe m'manja mwa mwini nyumba yekha.

Chezaninso ndi amayi a pa mjigo. Iwo adzakuuzani chifukwa chimene adatulukira amene adalimo kale, ngati kumabwera akuba, mtunda wa kusukulu, ndi tsiku la sikelo ya ana. Pa Lirangwe pali chipatala chaching'ono, pa Lunzu pali chipatala cha Mlambe, koma matenda aakulu amatumizidwa ku Queen Elizabeth mu Blantyre. Mayi woyembekezera kapena wa mwana wodwaladwala adziŵiretu amene angamnyamule usiku.

Lembani pangano

Ena amati kupempha pepala ndi kusakhulupirira mnzako. Ayi, pepala limasunga chibale, pakuti mutu umaiŵala ndipo anthu amamwalira, koma cholembedwa chimakhala. Sipafunika loya kapena Chingerezi. Tsamba la m'kope, lolembedwa m'Chicheŵa chomveka, likwanira, malinga mukhale zinthu izi:

1. Maina a mwini nyumba ndi a obwereka, ndi tsiku loloŵera.
2. Lendi ya pa mwezi, tsiku lolipira, ndi masiku odikirana malipiro akachedwa.
3. Kuti lendi sidzakwera chaka chisanathe, ndi kuti podzakweza adzakuuzani miyezi ingapo nthaŵi isanafike.
4. Kuchuluka kwa chikole ndi tsiku lodzachibweza.
5. Amene adzakonze denga, chimbudzi ndi maloko, ndi kuti ndalama imene inu mwakonzera idzachotsedwa pa lendi.
6. Nthaŵi yochenjezana, mbali zonse ziŵiri, munthu asanatuluke.
7. Ngati mukuloledwa kulima, kuŵeta nkhuku, kuthyola zipatso za pabwalo kapena kuchita geni pakhomo.

Musanaloŵetse katundu, yendani m'nyumbamo pamodzi ndi mwini wake, mulembe galasi lililonse losweka ndi mng'alu uliwonse, ndipo ngati muli ndi foni yojambula, jambulani. Asaine mwini nyumba ndi mkazi kapena mwamuna wake, musaine inu, pakhale mboni ziŵiri, ndipo amfumu adindepo ngati nkotheka. Aliyense asunge pepala lake.

Apa ndikupemphani mwapadera: dzina lanu, mayi, lilembedwe pambali pa dzina la bambo. Imfa sipangana tsiku, ndipo ulendo wa ku Joni umatha kutalika. Mkazi amene dzina lake lili pa pangano amayankhula ndi mwini nyumba ngati mwini nkhani, osati ngati mlendo wotsalira.

Mwezi uliwonse mukalipira, landirani lisiti kapena asainitseni m'kabuku kanu. Mukalipira pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, musafufute uthengawo, ndipo lembani nambala yake m'kabuku komweko, pakuti foni imatayika. Zikavuta, mwini nyumba nkuyamba kuopseza kuti azula chitseko kapena malata, musabwezere mwano. Tengani pepala lanu ndi malisiti mupite kwa amfumu, ndipo zikakanika kumeneko kuli bwalo la majisitireti ndi ofesi ya boma ya Legal Aid Bureau, imene imathandiza anthu osatha kulipira loya.

Mawu kwa inu eni nyumba

Ambiri a inu amene mukuŵerenga tsamba lino ku Lirangwe, ku Chileka ndi ku Lunzu ndinu amene mudamanga tinyumbato, ena ndi ndalama ya banki mkhonde, ena ndi ya penshoni ya malemu amuna anu. Pepala lomweli likutetezani inunso kwa munthu wothaŵa usiku ndi ngongole ya miyezi itatu, kapena wosiya zipupa zakuda ndi utsi. Musaope amene akufunsa mafunso ambiri ndi kupempha lisiti. Kaŵirikaŵiri wotereyo ndiye amalipira pa tsiku lake. Konzani denga mvula isanayambe, bwezani chikole mwachilungamo, ndipo musaloŵe m'nyumba ya alendi anu popanda odi. Mbiri ya mwini nyumba imayenda pa mjigo kuposa minibasi.

Mukasamuka

Zonse zikalongosoka ndipo mwaloŵa, kumbukirani kuti kumudzi bata limasungidwa ndi anthu. Perekani moni, pitani kumaliro ndi kankhuni kapena kaufa, sonkhani nawo ndalama yokonzetsera mjigo, ndipo mangani mbuzi zanu nthaŵi ya dzinja. Ana anu asanyoze anzao kuti ndi akumudzi. Tsiku limene mwana adzatenthe thupi pakati pa usiku bambo ali kutali, amene adzakuperekezeni kuchipatala ndi mayi wa nyumba yoyandikana nayo.

Tsono bambo akadzabweranso ndi nkhani ya nyumba ya ku Lirangwe, alandireni ndi chimwemwe, muwapatse madzi osamba ndi nsima yotentha. Akatha kudya, tulutsani kope ndi pensulo, munene mwaulemu kuti: "Bambo, tiyeni tiŵerengere limodzi, ndipo Loŵeruka likudzali tikaione tonse."